Ndinakalipira Mnzanga Wondiuza Zoona

Kalingalinga, Lusaka
16 Juni 2024

Achemwali anga a Cathrine,

Moni m'dzina la Ambuye. Kodi muli bwanji kumeneko ku Mkanda? Mwendo unkakuvutani uja unasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, kungoti kuzizira kwafika ndi fumbi lake, milomo yonse yang'ambika.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Chipinda changa cha lendi khoma lake n'lopyapyala, ukatsokomola aneba amamva, ndipo nkhani iyi sindingaiyankhule mokweza. Ndapatsira a Mathews, amalonda a kwa Kapiri aja, amene akunyamuka Lachiwiri.

Ntchito ya m'nyumba ija ku Kabulonga ndikadali nayo. Abwana alibe vuto, koma tsiku limatha ndisanayankhule ndi munthu, ine ndi mopu basi.

Ndinakuuzanipo za Luyando, mayi wa Chitonga amene ankagwira ntchito nyumba yoyandikana ndi ya abwana anga. M'mawa uliwonse ankandidikira pa shedi ya akalipentala, n'kuyenda limodzi wapansi mpaka ku Kabulonga. Tinapangana kuti aliyense azibwera ndi vesi limodzi, ndipo tisanasiyane pa geti tizifunsana chimene chikuvuta mumtima. Tinachita zimenezi zaka ziwiri. Chimwalirireni mwamuna wanga, bambo a Chiku, palibe munthu wina amene ndinalirapo pamaso pake koma iyeyu.

M'mwezi wa Malichi, bambo wina, a Rex, oyendetsa galimoto yoperekera buledi m'mashopu, anayamba kumandinyamula poweruka. Poyamba chinali chifukwa cha mvula. Mvula inatha, ine osasiya kukwera. Ndinkadziwa kuti ali ndi mkazi ndi ana ku Mtendere. Palibe chimene chinachitika, achemwali, koma ndisakunamizeni, ndinayamba kumadzola mafuta onunkhira nthawi yoweruka ikayandikira.

Tsiku lina tili m'njira, Luyando anaima n'kundigwira dzanja. Anati, "Tiza, uja muntu ali na mukazi. Ine nakuona, mutima wako wayamba kuyenda. Nikuuza chifukwa ndiwe mubale wanga." Ine ukali unandikwera. Ndinamuuza kuti ndi nsanje, kuti iye ali ndi mwamuna kunyumba ndiye sadziwa kuwawa kwa kukhala wekha, asamandilalikire ngati m'busa. M'mawa mwake ndinadzera njira ina mwadala, nambala yake n'kuifufuta mufoni.

Patapita milungu isanu, ndinakumana ndi a Rex pamsika ali ndi banja lawo. Anauza akazi awo kuti ndine mlongo wa kutchalitchi. Mayiwo anandipatsa moni ndi manja awiri, mwana ali kumbuyo, n'kundiuza kuti ndidzawachezere. Ndinabwerera osagula chimene ndinapitira. Kuchokera tsiku limenelo galimoto ija sindinakwerenso.

Ndinakadikira Luyando pa shedi paja masiku atatu, osabwera. Mlonda wa kumene ankagwira ndi amene anandiuza kuti mwamuna wake anapeza ntchito ku Solwezi, ndipo anasamuka kumapeto kwa Epulo. Akuti sabata yomaliza ankaima pa geti lathu madzulo aliwonse kundidikira. Ine nthawi imeneyo ndinkatulukira geti lakumbuyo, kumene galimoto inkaima. Nambala yake mlondayo alibe. Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero akuluakulu, koma ine ndamvetsa mnansiyo atapita.

Kutchalitchi ndimapita ndithu. Timadzaza, zokuzira mawu zimamveka mpaka kumsewu. Abusa akati gwira dzanja la mnzako, ndimagwira dzanja la munthu amene sandidziwa, tikatuluka aliyense ulendo wake. Gulu la amayi limakumana Lachinayi masana, ine ndili kuntchito. Pa mdadada wathu pali mayi wina, Ba Ketty, amene amaimba nyimbo za Mulungu akamachapa. Ndawapatsa moni kawiri. Ndimafuna kuwapempha kuti tizipemphera limodzi, koma ndikafika pafupi ndimangofunsa ngati madzi abwera pa mpopi.

Pempho langa ndi limodzi. A Rex sanaleke, masiku ena amaima pamsewu n'kuliza hutala, ndipo tsiku limene ndatopa kwambiri miyendo imafuna kuima. Ndiye Lamulungu lililonse mukachoka kutchalitchi muzindiimbira, muzindifunsa kuti sabata imeneyo ndabwerera bwanji kuchokera kuntchito, komanso ngati ndayankhula ndi Ba Ketty. Ndikayamba kuzungulira, musandileke. Mumandidziwa kuyambira ndili wamng'ono, ndikamanama mawu anga amathamanga.

Mupereke moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Kazyozyo, ndi kwa amalume ngati abwerako ku chipatala. Mwana wanga Chiku mumuuze kuti juzi yofiira ili m'chikwama cha a Mathews ndi yake, azivala popita kusukulu. Kalatayi asaione.

Mukakumana ku chigwirizano cha amayi, munditchuleko m'pemphero. Kuno amene ankanditchula dzina pamaso pa Mulungu anali mmodzi yekha.

Tsalani mu mtendere wa Ambuye.

Ine mng'ono wanu,
Tiza