Mwala wa Laimu

Lolemba, 3 Malichi

Lolemba lina, chithunzi china. Ntchito yanga ku ofesi ya boma yolondola zomangamanga ndi yomweyi: kuima pamwala wopaka laimu, kujambula chipatala chatsopano, kutumiza lipoti. Lamulo likuti ndizijambulira malo amodzimodzi sabata iliyonse, akuluakulu aziona ngati ntchito ikusuntha. Ikamayenda ndimachonga chobiriwira. Ndikachonga chofiira, amabwera okha kudzagwedeza kontrakitala. Miyezi isanu ndi iwiri tsopano, chobiriwira chokhachokha.

Kumbuyo kwa mwalawo kuli wodi yakale. Amayi anga agonekedwa pabedi la pazenera, ndikamajambula amandikwezera dzanja.

Lachinayi, 6 Malichi

Makina a mpweya ndi amodzi, odwala anayi, akulandizana ngati kapu ya pamjigo. Amayi andifunsa, "Kwatsopanoko akuti bedi lililonse lili ndi paipi yakeyake ya mpweya?" Ndati eya. "Ndiye uwauze afulumire, mwanawe. Ine si mwala wakowo." Aseka mpaka kubanika. Ine sindinathe kuseka.

Lolemba, 10 Malichi

Kapitawo wandilandira mano onse panja. Kumaso kwa nyumba penti waliwali, magalasi, ndi maluwa omwe. Nditajambula ndinazungulira kuseri kufuna potaya madzi. Mayo ine! Makoma opanda pulasitala, denga theka, mapaipi a mpweya ali mulu pansi, udzu wamera pakati pake. Mmisiri wina wandiuza mosabisa, "Achemwali, ife timamanga kumene mwala wanu ukuyang'ana."

Ndaimbira abwana. Akuti chithunzi chovomerezeka ndi cha pamwala basi, ndisadziyambire zanga, ofuna ntchito ndi ambiri. Ndachonga chobiriwira. Ndi dzanja langa lomweli.

Lachitatu, 12 Malichi

Amayi afunsanso za kwatsopano. Ndati kwatsala pang'ono. Andiyang'ana momwe ankandiyang'anira ndikaba shuga ndili mwana, kenako atembenukira kukhoma. Manyazi andigwira mpaka pano.

Loweruka, 15 Malichi

Amayi atisiya dzulo masana. Makina anali pabedi lina, inali nthawi ya mayi wina wa bedi la pakona. Sindikumukwiyira, nayenso amafuna kupuma. Namwino wandipatsa mpango ndi magalasi awo m'jumbo.

Lachinayi, 20 Malichi

Achimwene akuti ndisadziimbe mlandu, matenda anali atakula kale. Mwina. Koma miyezi isanu ndi iwiri, kuseri kuli masitepe makumi atatu okha, ine osapitako. Mtima ukundiwawa, ndipo palibe amene ndingamuuze.

Lolemba, 24 Malichi

Ndabwerera kuntchito. Kapitawo wandipepesa maliro chipewa chili m'manja, mwala waupakanso laimu watsopano, mbee. Ndaimapo. Mosaganiza ndacheuka kuyang'ana pazenera, monga mwa masiku onse.

Ndatsika pamwala. Ndapita kuseri, kapitawo akunditsata, "Achemwali, achemwali, tikambirane." Ndajambula mapaipi, udzu, denga, zonse. Ndachonga chofiira, ndatumiza kwa abwana ndi kwa akuluakulu omwe, kuti pasapezeke wobisa.

Foni yalira kasanu m'chikwama, sindinayankhe. Potuluka ndadzera kuwodi yakale. Bedi la Amayi apatsa mayi wa pakona uja. Atandiona, wandikwezera dzanja.