Mbalame ya Bambo a Nindi

Semarang, Lachiwiri

Azakhali a Sumiyati,

Ndikhulupirira kuti bondo lija lasiya kukuvutani kumeneko ku Medan. Kuno tili bwino, Nindi akukula.

Mabisiketi anga a chinanazi akuyenda malonda pa intaneti, makamaka pano Idi yayandikira. Koma eni tsamba akuti andichotsa ngati pabotolo palibe nambala ya chiphaso. Ndiye Lachinayi a zaumoyo akubwera kudzayendera khitchini, ndipo safuna chiweto chilichonse pophikira.

Mukuikumbukira mbalame ya mipikisano ya bambo a Nindi ija? Khola lake amalipachika pafupi ndi uvuni, akuti ikafundidwa imaimba bwino. Nditawapempha kuti aisunthe anati, "Anayamba kulowa m'nyumba muno ndani, mbalameyi kapena ufa wakowo?" Zomwe ndinayankha sindingalembe pano.

Loweruka anapita nayo kwa amayi awo. Anatenganso malaya asanu. Kusamutsa mbalame kumafuna malaya asanu, azakhali?

Musawauze kaye amayi anga. Khitchini yayera mbee, a zaumoyo sadzapezamo nthenga ngakhale imodzi. Kungoti m'mawa uliwonse Nindi amandifunsa kuti mbalame ibwera liti, ndipo ndikudziwa kuti sakufunsa za mbalame.

Ndine mwana wanu,
Wulandari