DNA ya Bright

Pafamu, Goromonzi

Achimwene a Givemore,

Muli bwanji ku Bulawayoko, inu ndi alamu ndi ana? Kuno moyo ulipo, koma musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja anandithyola amuna anga, a Passmore.

Mukudziwa kuti mwana wanga Bright ali ndi shuga ya ana, ija yobaya jakisoni tsiku lililonse. Mwezi watha kukiliniki kunabwera madokotala a kafukufuku ochokera ku Harare. Anati akufuna kudziwa chimene chimachititsa thupi la mwana kudziukira lokha, kaya ndi kachilombo kamene kanamugwira ali wakhanda, kaya ndi zakumtundu. Anatenga magazi a Bright ndi anga, n'kupempha kuti bambo akenso abwere adzawayeze DNA.

Ine ndi pakamwa pangapa, ndinakawauza a Passmore momwemo. Ndinaiwala kuti kukomboni kuno DNA ili ndi tanthauzo limodzi basi: mwana akukayikitsa. A Passmore za kachilombo sanazimve, za shuga sanazimve. Anati ndiye kuti madokotala aona m'magazimo kuti mwanayo si wawo.

Anandimenya ndi mpini wa khasu. Nditatchinga kumutu, mkono unalira. Anandikokera pabwalo atandigwira tsitsi, anthu akungoonerera ngati kwatuluka gule. Kenako anaswa mtsuko umene ndimasungamo insulini mumchenga wonyowa, n'kupondaponda timabotolo ndi jombo, akuti sangasamale mwana wa mwini. Mwana woti anatengera mphuno yawo, ndi kayendedwe komwe.

A nesi atipatsa botolo lina, ndipo tikugona kwa a Maidei, oyandikana nawo nyumba. Mkono upola. Chikundiopsa n'chakuti Bright anamva zonse. Tsopano akukana jakisoni, akuti akasiya kudwala shuga bambo ake amulandiranso. Akumwa madzi osakhuta, maso alowa m'kati, ndipo ine ndi dzanja limodzi sindingathe kumugwira n'kumubayanso.

Achimwene, inu ndinu sekuru ake, malume ake enieni, eni mbumba, ndipo mawu anu amawamva. Ndili ndi mantha kuti mwanayu andifera ndikuona. Kwerani basi mubwere. Za a Passmore tidzakamba pambuyo. Bwerani ndi manja anu awiriwo mudzamugwire, ine ndibaye.

Ambuye akusungeni panjira. Mundiperekere moni kwa alamu, koma amayi musawauze kaye.

Ine mlongo wanu,
Ricardina