Mthunzi wa Kumanda

Amalume a Ezekiel,

Muli bwanji ku Lusakako? Kuno ku Luembe tilipo, kungoti mvula yachedwanso.

Malasha, makala timaotcha aja, akuyenda malonda chifukwa magetsi akuthimathima kwanuko. Amuna anga a Josphat afolela nyumba ndi malata, agulanso njinga yamoto. Mailo, dzulo lomweli, kunabwela anthu a bungwe lina kudzatiuza kuti utsi wathu ukutenthetsa dziko. A Josphat anawafunsa kuti, "Nanga kwanu mumaphikila chiyani?" Iwo anangoseka, nkuliza chigalimoto chawo.

Mitengo tsopano ili kutali kwambili. Imene inatsala pafupi, mukudziwa kumene inali. Sindinena zambili. Mukamabwela kudzaona manda a agogo, mudzabwele ndi chipewa cha dzuwa.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Immaculate