Nkhuku ya Nsalu pa Chitseko

Devonport, 14 Julaye

Alamu anga a Merle,

Ndikhulupirira kuti ku Darwin kuli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kuno kukuzizira koopsa, moti Dot, nkhuku yothothoka nthenga ija tidakatenga kufamu ya mazira, ndamulukira juzi. Akavala amayenda monyada ngati akupita kutchalitchi.

Achimwene anu a Keith m'mawa uliwonse amakhala pakhonde atamufungata Dot, uku Beryl ndi Queenie akujompha tirigu kumapazi kwawo. Mayina a nkhuku zitatuzi saphonya n'limodzi lomwe. Dzulo akuti, "Glenys, mayi uyu wakuposa kutchena!" Ndinaseka mpaka misozi. Sabata yonseyi n'koyamba kunditchula dzina.

Nyumbayi simudzaizindikira. Chitseko cha kubafa ndapaka utoto wachikasu, cha kukhitchini wobiriwira. Pachitseko cha kuchipinda kwathu ndapachikapo nkhuku ya nsalu, yomwe ndasoka ndi malaya awo akale a kuntchito. Aneba akuti luso landipeza ku ukalamba. Asiyeni aganize choncho. Ine chomwe ndaona n'chakuti a Keith akangoona nkhukuyo, saimanso m'kolido n'kumayang'ana uku ndi uku.

Adokotala anena zina, koma si za m'kalata.

Munkati mubwera pa Khirisimasi. Ngati n'kotheka, bwerani mu Sepitembala. Musaiwale chithunzi chija muli awiri ndi a Keith pa njinga ya bambo anu. Ndikufuna ndichipachike pachitseko cha chipinda chomwe muzidzagona, kuti mukamatuluka m'mawa, akudziweni.

Ndine mlamu wanu,
Glenys