Ndinalumbira Kusafunsa, Koma Mwana Wanga Akupita Kunja

Agogo,

Ndikukutchulani agogo ngakhale kuti imvi zanga mwina zaposa zanu. Ndine msilikali wopuma, ndipo masiku ano ndimangolima nandolo kufupi ndi Chiringa.

Ndinalowa usilikali ndili mnyamata pamodzi ndi mnzanga Goodman wa ku Mkhumba. Tikabwera kutchuthi tinkakwera njinga imodzi kudutsa pa Fort Lister, iye akupalasa, ine pakaliyala, nsapato zili waliwali moti amayi opita kumunda ankaima kutiyang'ana. Cha m'ma 1988 anatitumiza ku Mozambique kukalondera njanji. Kunali kuthengo, kunali zoopsa, koma ndikamakumbuka ndimapezeka ndikumwetulira ndekha. Tinkagawana chitini chimodzi cha nyemba anthu atatu. Goodman ankakonda kuyimba nyimbo za Chilhomwe, ndipo anthu a kumeneko akamva chilankhulo cha makolo athu ankatibweretsera chinangwa, n'kumatifunsa za abale awo omwe anasamukira kuno kalekale. Lamulo likabwera tinkangoti, "Inde bwana." Moyo unali wosavuta kuumvetsa.

Goodman sanabwerere, anafera konko. Ine nditafika kumudzi, mayi ake anayenda wapansi kuchokera ku Mkhumba kudzandipeza. Sanalire. Anakhala pamphasa n'kundifunsa kuti, "Mwananga, iwe unali naye. Amene ananena kuti apite ndani? Anakambirana ndi yani?" Ndinangozolika. Masiku amenewo funso lotere sunkalifunsa ndi kuchipinda komwe.

Tsopano mwana wanga wamkazi, Lenia, ndi msilikali, ndipo ali m'gulu lomwe likupita kunja kukasungitsa mtendere. Panopa ali kuno kutchuthi. Phungu wa dera lathu waitanitsa msonkhano sabata yamawa kuti amve maganizo athu asanapite ku Nyumba ya Malamulo. Mkazi wanga Alesi wandikakamira. Akuti, "Inu mukaimirire. Mukafunse ngati aphunguwo anaunika ulendowu, ana athu akakhalako mpaka liti, nanga zida zawo n'zokwanira. Mukapanda kutero ndikafunsa ndine."

Agogo, ine ndinalumbira. Tinaphunzitsidwa kuti msilikali safunsa. Ndikuopanso kumuipitsira mbiri mwanayu kuntchito, azidzati bambo ake ndi olongolola. Nthawi zina ndimalakalaka kale lija, pomwe nkhani zotere zinkathera kwa akuluakulu ife n'kumangomvera. Koma dzulo ndinamuona Lenia akupukuta nsapato pakhonde, akung'ung'udza kanyimbo, khasu linandigwa m'manja.

Kodi ndikafunsa ndiye kuti ndaphwanya lumbiro?

J.M., Chiringa, Phalombe

Bambo J.M.,

Yunifolomu munavula, koma mtima wanu ukadali pa perete. Masukani pang'ono tikambirane.

Kulakalaka masiku aja si tchimo. Komatu chimene mukusowa ndi Goodman ndi unyamata wanu, osati kukhala chete kuja. Kukhala cheteko n'komwe kunabweza mayi wokalamba ku Mkhumba opanda yankho, ndipo patha zaka zonsezi nkhaniyo isanakuchokeni pakhosi.

N'zoona kuti msilikali amene ali pantchito amamvera lamulo. N'chifukwa chake payenera kukhala ena omufunsira. Lenia sangakweze dzanja pamsonkhanopo, inu mungathe. Nyumba ya Malamulo ili ndi komiti yoona za chitetezo, ndipo ntchito yake ndi yomweyi, kufunsa akuluakulu mafunso m'malo mwa anthu wamba. Phungu wanu ngakhale asakhale m'komitiyo angathe kuipatsira nkhawa zanu, kapena kufunsa nduna m'Nyumbamo. Munalumbira kuteteza dziko lino. Kufunsa ngati ana a dziko lomweli akutumizidwa mokonzeka sikukuphwanya lumbirolo.

Yambani ndi Lenia. Khalani naye pansi lero, mumuuze zomwe mukufuna kuchita, asadzazimvere kwa anthu. Akakhala ndi mantha, dzina lake lisatuluke pakamwa panu. Mukalankhule ngati msilikali wakale basi. Mafunso mayi Alesi akukonzerani kale, ndipo ndi abwino. Alembeni pamapepala awiri mwaulemu ndi mwachidule, lina mukapereke m'manja mwa phungu, lina musunge. Musachokepo musanafunse tsiku lomwe mudzamve yankho. Ngati kuderako kuli anzanu ena opuma, atengeni. Phungu angazembe munthu m'modzi, koma madoda asanu okhala mzere umodzi ndi ovuta kuwaiwala. Mayiwonso mupite nawo, ndipo akafuna kuwonjezera mawu musawakoke chitenje.

Koma chenjerani. Zimene Lenia angakuuzeni pakhomo, monga tsiku lonyamuka, malo omwe akakhale kapena kuchuluka kwawo, zithere pakhomo pomwepo. Zimenezo zikatuluka zingaike moyo wake ndi wa anzake pachiswe. Musayembekezerenso kuti msonkhano umodzi ulepheretsa ulendowu. Mwina apita ndithu, ndipo ntchitoyi anaisankha yekha monga munachitira inu. Choncho masiku otsalawa asathere pa mapepala okha. Chezani naye mwanayo. Tsiku lobwerera kuntchito likafika mukamuperekeze mpaka pa siteji, chikwama mumunyamulire ndinu, ndipo misozi ikabwera musaibweze. Palibe bwana amene adzakuoneni.

Agogo