Akuti nyimbo yathu ya maliro ili ndi mwini

Lachinayi, 14 Ogasiti

Lero mtima sunakhale m'malo. Ngakhale kudimba sindinapondeko.

M'mawa ndinapita ku boma ndi kalata ya a Lufeyo, aja anajambula kwaya yathu ku Lisungwi chaka chatha. Akuti nyimbo imene timaperekezera maliro kumanda tsopano ndi yawo, tisaimbenso pagulu popanda chilolezo. Nyimbo imene ndinayamba kuimva ndili kumsana kwa amayi!

Mayi wothandiza anthu pa zamalamulo anawerenga kalatayo kawiri. Anati, "Chawo ndi chimene anajambulacho basi. Nyimboyo anaipeza ikuimbidwa kale, sangakutsekeni pakamwa." Mtima unatsika. Kenako anafunsa, "Kodi munasainapo pepala lililonse?"

Ndinasaina. Linali la Chingerezi, ndipo tsiku lojambulalo ndinali pa changu kuopa kuti minibasi indisiya. Anzanga a kwaya sakudziwa. Mayiyo akuti ndibwere nalo Lolemba tidzaliwerenge limodzi, kenako awayankhe a Lufeyo. Ndafufuza m'sutikesi, m'Baibulo, mpaka m'thumba la mbewu. Palibe.

Koma Lolemba ndi kutali. Masana uthenga wafika kuti a Nachisale, amene ankatsogolera nyimboyi ine ndisanayambe, atisiya. Kuika ndi mawa. Amuna anga akuti, "Ingosankhani ina, nyimbo zatha kodi?"

Ina iti? Malemuwa ndiwo anandiphunzitsa popumira ndi pokweza mawu. Mawa bokosi likangonyamulidwa, maso onse adzakhala pa ine. Ndiyambitsa yomweyo. Ngati a Lufeyo akufuna, abwere adzanditseke pakamwa kumanda komweko.